Zitini Ziwiri za a Muhiwa

A Muhiwa tinawaika m'manda Loweruka lapitali ku Mavwere, m'mudzi umene anakwatiwako mwana wawo Felesiya. Kumeneko si kwawo. Kwawo ndi ku Phalombe, m'munsi mwa phiri, koma eni ake ananeneratu kuti pasadzavutike munthu kunyamula mtembo ulendo wonsewo, popeza amene akanagona naye pafupi kumeneko alibe manda. Pamaliropo anandipempha kuti ndiyankhule m'malo mwa anthu a pa esiteti, poti ndine ndinakhala kapitawo wawo zaka zambiri. Ndinaimirira, ndinanena kuti malemuwa anali munthu wolimbikira ntchito ndi wosakonda mikangano, kenaka ndinakhala pansi. Zonsezo n'zoona. Koma zimene ndinayenera kunena sindinanene, n'chifukwa chake ndatenga kope ndi cholembera. Kulemba ndinaphunzira imvi zitamera kale, ku sukulu ya kwacha, choncho ndilemba mmene ndingathere.

Anabwera pa esiteti yathu, kuseri kwa Kamwendo, ngati tenanti, monga anabwerera anthu ambiri ochokera kummwera. Anali wamfupi, wa mapewa otakata, ndipo ankayenda atatangadza miyendo ngati munthu amene sakukhulupirira kuti pansi paima. Ankati kayendedwe kameneko anakatenga pangalawa. Ali mnyamata anawoloka malire n'kukagwira ntchito ku Kelimane, ku Mozambiki, m'mphepete mwa nyanja ya mchere, komwe ankasenza matumba a kokonati wouma kukweza m'ngalawa. Ife a kuno ku Mchinji nyanja imeneyo timangoimva. Madzi aakulu amene ambiri a ife tinawaona ndi a mtsinje wa Bua ukasefukira m'madambo.

Pa ntchito yosankha fodya panalibe wowaposa. Tsamba ankaligwira ndi zala ziwiri, asanaliyang'ane n'komwe, n'kuliponya pa mulu wake, ndipo ukabwera kudzatsutsa unkangodzichititsa manyazi. Mabelo amene anadutsa m'manja mwawo sankabwezedwa ku okushoni. Fodya sankasuta. Ankati munthu wogulitsa nkhuni sawotha nkhuni zake zomwe. Tiyi ankamwa wopanda shuga, ataima, ndipo nsapato ankavala Lamulungu lokha.

M'zaka zawo zomaliza anthu ankawaona nthawi ya nkhomaliro atakhala padera, akulemba zilembo pansi ndi phesi la fodya, kufufuta ndi phazi, n'kuyambanso. Ena ankaseka kuti mdala wayamba misala ya ukalamba. Ine sindinkaseka, ndipo chifukwa chake ndinena kutsogoloku.

Wailesi yawo ankaipachika pa msomali, pa nsanamira yachiwiri ya chigafa, shedi yaitali ija imene timaumitsiramo fodya. Za nyimbo analibe nazo ntchito, za mpira ayi. Koma ikakwana nthawi ya zanyengo ankakweza dzanja, ndipo aliyense ankadziwa kuti atseke pakamwa. Chimene ankadikira sichinali mvula ya kuno. Ankadikira kumva ngati pa nyanja ya mchere pabadwa kampweya kofooka kozungulira, kamene a zanyengo amati mwina kakula n'kusanduka namondwe, mwinanso kafera komweko. A Muhiwa ankakatchula kuti kakhanda.

Za kakhandako ankatha kufotokoza tsiku lonse. Ankati ambiri sakula. Ena amang'ambidwa ndi mphepo ya kumwamba, ena amasochera n'kukafika pa madzi ozizira, ena amathamangira kumtunda asanakhwime n'kuferatu m'tchire. Kothamanga sankakaopa. Ankaopa kaulesi, kamene kamangokwawa pafupi ndi gombe, pamene madzi amafunda ngati osamba mwana, chifukwa pamenepo m'pamene kamayamwa. Ankati koteroko ungagone kali kakhanda, podzuka n'kupeza kameza mudzi. Ku Kelimane, akuti, akuluakulu a ngalawa ankaviika phazi m'nyanja m'mawa, ndipo akamva madzi ofunda, mafunde akubwera ataliatali koma mphepo kulibe, ankakokera ngalawa kumtunda osafunsa munthu. Anaonanso ndi maso awo kena kamene anthu anali atakaimbira kale nyimbo ya maliro, katalowa kumtunda n'kufooka, koma kanabwerera panyanja, kanayamwanso, n'kubwera kachiwiri kali chilombo.

Pa mtanda wa chigafa, pamwamba pa mpando wawo, panali zitini ziwiri zakale za mkaka. Wailesi ikalengeza kakhanda katsopano, ankatola nyemba imodzi n'kuiika m'thumba la malaya. Nyembayo inkakhala m'menemo mpaka amve mathero ake. Kakafa, inkalowa m'chitini cha kumanzere. Kakasanduka namondwe, inkalowa cha kumanja. Cha kumanzere chinali pafupi kudzaza. Cha kumanja ukachigwedeza munkangolira nyemba zowerengeka.

Nabanda, mayi wina wa pakamwa amene amasoka fodya pa esiteti pathu, sankawasiya.

"A Muhiwa, khanda lanu lija lagona bwanji lero?"

"Lili m'thumba muno, mayi. Likupuma."

"Anzanu akulera zidzukulu, inu mukulera mphepo. Chitinicho chikadzadza mutipatse tiphike ndiwo."

"Tengani za kumanzerezo. Zinazo n'zowawa."

"Koma onani nokha, bambo. Zitini zanu zomwe zikukutsutsani. Zakufa n'zimene zachuluka, ndiye mantha n'achiyani?"

Anayankha osakweza maso pa fodya, kuti nyumba sigwa ndi nyemba zambirizo, imagwa ndi imodzi.

Mantha awo anali ndi dzina. Dzina lake anali a Esinati, akazi awo. Zaka zoyamba ankakhala nawo pa esiteti, koma miyendo itayamba kuwavuta anabwerera kumudzi kukasunga malo, kuti abale asawagawane. Nyumba yawo inali m'munsi mwenimweni mwa phiri, pafupi ndi kamtsinje kotsika m'miyala. Mayiwo ankayenda ndi ndodo, ndipo anali ndi mtima wawo. Mbuzi zawo sankazisiyira munthu, ndipo mawu a wina aliyense pa nkhani ya nyengo sankawamvera. Ankati za mphepo amadziwa ndi amuna awo, amene anagonapo panyanja.

Apa m'pamene panayambira mkangano wathu. Kawiri, m'zaka zosiyana, a Muhiwa anasiya fodya pakati pa ntchito n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe, basi ya ku Limbe, mpaka ku Phalombe, kuti akasamutse akazi awo, chifukwa cha nyemba imene inali m'thumba. Kawiri konseko kakhanda kanafera panyanja. Ulendo wachiwiri anabwerako patatha masiku asanu ndi anayi, ndipo ndinawakalipira pamaso pa anthu. Ndinati esiteti si ngalawa, ndipo ngati akufuna kukhala mlonda wa nyanja apite akapemphe ntchito kumeneko. Anandimvetsera mpaka ndinatopa. Atatero anatulutsa nyemba, anaiponya m'chitini cha kumanzere, n'kunena kuti ulendo wopita pachabe ndiwo ulendo wabwino, ndipo akupempha Mulungu kuti maulendo awo onse azikhala otero. Ngakhale zinali choncho sanasiye kunditchula kuti achimwene, monga amaitanirana kwawo. Nditayamba sukulu ya kwacha ndiwo anandigulira kope loyamba. Iwo sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi, ndipo ankanyadira kuti tsopano pachigafa pali maso.

Tsopano ndinene za chaka chija.

Unali mwezi wa Malichi. Mvula inadula masabata awiri, dzuwa linaswa mtengo, ndipo fodya woyamba anauma m'chigafa mpaka kuchita gwaa. Amene sanalimepo fodya wa bale sangadziwe vuto lake. Tsamba louma chotero sungaligwire, limafumbutuka m'manja ngati chipale. Umadikira kuti kunja kubwere chinyezi, tsamba lifewe, m'pamene umatsitsa mikangala, timitengo topachikapo fodya, kusankha, n'kumanga ndindi, timitolo ta masamba. Chinyezicho chikabwera sudziwa kuti chikhala masiku angati, choncho munthu aliyense amafunika pamalo pake. Bwana ankaimba foni kuchokera ku Lilongwe m'mawa ndi madzulo, kufunsa za mabelo oyamba.

Tsiku lina m'mawa ndinalowa m'chigafa, ndinagwira tsamba, ndipo linapindika ngati nsalu. Kunja kunali mitambo yotsika, kamphepo konyowa kakuchokera mbali yachilendo. Mtima wanga unasangalala. Ndinaitana anthu onse kuti titsitse fodya. A Muhiwa nawonso anagwira tsamba, koma nkhope yawo sinasangalale. Anatuluka, anaima pabwalo, ananunkhiza mphepo, n'kubwera kwa ine. Wailesi yawo inali kwa wokonza ku Kamwendo sabata imeneyo, ndipo m'thumba mwawo munali nyemba ya masiku asanu.

"Achimwene, chinyezi ichi si chathu. Chachokera kutali. Foni yanu ija yanena chiyani za kakhanda?"

Ndinali pa gulu la alimi la pa foni, pamene ankatumizapo uthenga wa zanyengo m'Chichewa. Ndinatsegula. Munthu wophunzira mochedwa sawerenga mokweza asanayambe wawerenga chamumtima, milomo ikugwedera, choncho ndinauona uthenga wonse ndisanatulutse mawu. Unali ndi zigawo ziwiri. Choyamba chinkati mpweyawo udakali wofooka pafupi ndi gombe la Mozambiki, ndipo mwayi woti usanduke namondwe m'masiku awiri akubwerawo ndi wochepa. Chachiwiri chinkati ngakhale zili choncho, mpweyawo ukuyenda pang'onopang'ono pa madzi ofunda, zinthu zikhoza kusintha msanga, ndipo anthu a m'maboma a kummwera okhala m'munsi mwa mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje asadikire.

Ndinayang'ana fodya wofewa ali mbwee pa mikangala. Ndinayang'ana zala zawo. Ndinawerenga mokweza chigawo choyamba, n'kusiya.

"Basi?"

"Basi."

"Za kayendedwe kake sananene? Kakuthamanga kapena kakukwawa?"

"Sananene."

Anasuzumira pa foniyo, ngakhale kwa iwo zinali nyerere chabe.

"Koma zolembazo zikuoneka zambiri."

"Zinazo ndi za mbozi za m'chimanga."

Anaika dzanja pa thumba la malaya.

"Poti mwawerenga ndinu, achimwene, ndamva. Ndiimbireni kwa Dinesi."

Dinesi anali woyandikana nawo nyumba kumudzi, amene anali ndi foni. Nambala ndinadina ndine, ndi chala changa ichi. Ndinaima pomwepo n'kuwamva akunena kuti awauze mayi asade nkhawa, kafooka, ulendo uno sabwera. Atabweza foni anakhala pampando wawo n'kuyamba kusankha fodya.

Ndisadzinamize kuti sindinkadziwa chimene ndikuchita. Mumtima ndinkati mwayi ndi wochepa, ndipo a zanyengo anena okha. Ndinkati kawiri konse anapita pachabe. Ndinkakweza maso n'kuona chitini cha kumanzere chili pafupi kudzaza, ndipo chinkandilimbitsa mtima. Ndinawerengera nyemba zambirizo. Imodzi ija sindinaiwerengere.

Tinagwira ntchito masiku atatu, ndipo sindinaonepo fodya wokongola ngati wa masiku amenewo. Tsiku lachitatu masana a kabaza ochokera ku Kamwendo anabwera ndi nkhani yoti kummwera kwavuta, namondwe walowa, mvula ikugwa osalekeza. A Muhiwa anaimirira, anasiya tsamba limene linali m'manja pa mpando, n'kunyamuka osatsanzika, osavala nsapato. Pofika ku Limbe anapeza misewu itaduka ndipo milatho itapita. Kotsalako anayenda wapansi masiku awiri.

Zimene anakapeza sanatiuze iwo. Anatiuza ndi Felesiya, amene anawatsatira pambuyo. Pamene panali nyumba panali miyala ikuluikulu ngati nkhokwe, ndi matope. Napolo anatsika m'phiri, madzi osakanikirana ndi miyala ndi mitengo, n'kudutsa pakati pa mudzi. Dinesi ndi banja lake anali atathawira ku sukulu dzulo lake, mvula itakula. Dinesi anapita kawiri kukawatenga a Esinati, ulendo wachiwiri ndi njinga kuti awakweze. Mayiwo anakana. Anati bambo atumiza mawu kuti kafooka, ndipo kukanakhala koopsa bwenzi atafika kale, chifukwa sanalepherepo kubwera. Anthu anakumba masabata awiri. Anapeza ndodo yawo yokha, kutali kumunsi.

Ndinkaganiza kuti sabweranso. Anabwera patatha mwezi ndi theka, fodya atapita kale ku okushoni. Analowa m'chigafa, anapisa dzanja m'thumba, anatulutsa nyemba ija n'kuiponya m'chitini cha kumanja. Tonse tinaimva ikulira. Nabanda anatembenukira kukhoma n'kuphimba nkhope ndi chitenje, ndipo kuyambira tsikulo sananenenso nthabwala ya ndiwo.

Sanandifunse kanthu. Sanandinene kwa munthu. Moni ankandipatsa, ntchito ankagwira ngati kale. Zinasintha zinali ziwiri zokha. Sanandipemphenso kuti ndiwawerengere chilichonse, ngakhale kalata ya ku tchalitchi, ndipo dzina la achimwene linatha. Ndinakhala a Kapitawo. Sindidziwa ngati wina wa pa gulu la alimi lija anawauza zimene zinali mu uthengawo, kapena anangolumikiza okha m'mutu mwawo ali paulendo wa masiku awiri uja. Ndinalibe mtima wofunsa.

Chilimwe chotsatira analembetsa ku sukulu ya kwacha, yomwe ija ndinaphunzirako ine. Anali wamkulu kuposa onse, ndipo maso anali atayamba kuchita khungu. Anagula magalasi pamsika wa Kamwendo, a mwendo umodzi womanga ndi ulusi wosokera fodya. Zala zimene zinkadziwa tsamba mumdima zinkalephera kugwira pensulo. Mphunzitsi anandiuza kuti chilembo chimodzi chinkawatengera sabata, koma sanajombepo. Anaphunzira zaka zitatu. Kumeneko ndiko kunali kulemba pansi ndi phesi kuja, kumene anthu ankati ndi misala. Ine ndinkadutsa patali, chifukwa chilembo chilichonse chimene ankalemba m'dothi chinkakhala ngati akuchilemba pamsana panga.

Dzinja la chaka chatha, masana ena, tinali awiriwiri m'chigafa. Ukapitawo ndinali nditausiya chifukwa cha ukalamba, ndipo ndinkangothandiza kusankha fodya, mpando wanga moyang'anana ndi wawo. Foni imene Felesiya anawagulira inalira. Anapukuta manja, anavala magalasi aja, anaika chala pa galasi la foni n'kuyamba kuwerenga mokweza, liwu limodzi limodzi, ngati munthu wowoloka mtsinje podumpha miyala. Unali uthenga wa zanyengo. Panali kakhanda kena pafupi ndi gombe, ndipo mwayi woti kakule unali wochepa. Atafika pamenepo anaima. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenaka anabweza maso n'kupitiriza, za madzi ofunda, za anthu a m'munsi mwa mapiri, mpaka liwu lomaliza.

"Ndiye amalemba mpaka pansi, a Kapitawo."

"Amalemba."

"Nthawi zonse?"

"Nthawi zonse."

"Za mbozi sindinazione."

Ndinati, "A Muhiwa," koma mawu otsatira anakana kutuluka. Anadikira. Ndikulumbira kuti anadikira nthawi yokwanira, manja ali pa maondo, ndipo ine ndinangoyang'ana pansi. Potsiriza anatola tsamba pa mulu n'kundipatsa.

"Ili likupita pati?"

Ndinaloza mulu wina.

"Ayi. Gwiraninso bwino."

Ndinagwiranso, ndipo ndinapeza kuti ndinalakwitsa. Tinapitiriza ntchito mpaka kuweruka.

Kuchokera tsikulo ndinkati Lamulungu likubwerali, tikatuluka m'tchalitchi, ndipita kunyumba kwawo, ndikakhale pansi ndinene zonse ndi pakamwa panga. Malamulungu anadutsa ambiri. Ndinkati mdalayu ndi wolimba, nthawi ilipo, mwayi woti apite chaka chino ndi wochepa. Chifuwa chinawayamba pang'onopang'ono mwezi wathawu, kachifuwa wamba koti aliyense amatsokomola m'chigafa. Felesiya anadzawatenga kuti akapumuleko ku Mavwere. Patatha masiku khumi tinamva uthenga.

Mwambo wa maliro utatha, Felesiya anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anati pochapa malaya a bambo ake anapeza nyemba imodzi m'thumba, ndipo sakudziwa kuti ikupita m'chitini chiti. Anati, "Inu ndinu munali mnzawo weniweni, bambo. Mukaikeko ndinu." Ndinailandira ndi manja awiri. Mwanayu amaganiza kuti amayi ake anaphedwa ndi phiri lokha. Bambo ake sanamuuze, ndipo akanatha kumuuza. Felesiya amadziwa kuwerenga bwino kuposa ine. Kope ili ndikamaliza ndikwera kabaza kupita nalo ku Mavwere, ndikamupatse m'manja, ndipo ndikakhala pomwepo mpaka awerenge kufika pansi. Zimene adzanditchule pambuyo pake ndi zake.

Dzulo ndinapita kuchigafa m'mawa, anthu asanafike. Fodya wa chaka chino wayamba kufiira pa mikangala. Wailesi anaitenga Felesiya, ndipo pa nsanamira yachiwiri pangotsala msomali, ndi chizindikiro chowala pamene inkakhudza mtengo zaka zonsezi. Mpando wawo munthu wina anauchotsa, koma miyendo yake inasiya maenje anayi m'dothi, ndipo patsogolo pake pali pamene zidendene ziwiri zinasalaza pansi. Palibe amene waikapo mulu wa fodya pamalopo, ngakhale m'chigafa muli mothina. Cha pambali, pomwe tsache silinafike, pakuonekabe zilembo zitatu zolemba ndi phesi, zoyamba za dzina la Esinati. Zitini zili pa mtanda pomwe anazisiya. Nyemba ija idakali m'thumba langa, chifukwa kakhanda kake kadakali panyanja, ndipo a zanyengo akuti kakukwawa.